Milu ya Miyala pa Njira ya Nkhosa

Mulu woyamba wa miyala a Khoabane anaupeza Lachiwiri kusanache, pakati penipeni pa mtsetse wa chipale chofewa umene iwo omwe anali atausalaza ndi thirakitala usiku womwewo. Unali wofika m'chiuno, wosanjikidwa mwaluso. Chipale chouzungulira chinali see, popanda phazi la munthu ngakhale la galu.

Malowo anawazindikira. Hotela ya alendo otsetsereka pa chipale isanamangidwe, panali milu isanu ndi iwiri yotere, yondondozana kuchokera ku makola a kumtunda mpaka kumudzi. Ankaiwaka ndi abusa, kuti chipale chikatseka maso, munthu azitsika chopapasa, kuchoka pa mulu uwu kufika pa winawo. A Khoabane atabwerako ku migodi ya ku Joni, komwe anatha zaka makumi awiri ndi zisanu, anapeza akazi awo ali kumanda ndipo phiri lili ndi eni atsopano. Ntchito yoyamba imene anapatsidwa inali yogumula miluyo, pakuti mlendo wotsetsereka pa matabwa omangirira kumapazi akagunda mwala amathyoka khosi.

"Ntate, mukusewera nane?" anatero Lebona, woyang'anira malowo, atauona muluwo, pakuti m'chinenero chakumeneko bambo amati ntate. "Mabasi a alendo akufika teni koloko."

"Sindinawake ndine, ntate."

"Ndiye ndani, nkhosa? Chotsani."

Anachotsa, nakaunjika miyalayo kuseri kwa shedi.

Usiku wotsatira anali yekha kumtunda, akuyang'anira makina opanga ndi kupopera chipale. Mdima unali wa ndiweyani, mphepo ikuluma ngakhale mkati mwa bulangete. Makinawo atapuma pang'ono, anamva phokoso lina chakumunsi: kho. Kenako zii. Kenako kho, monga mwala ukamakhazikidwa pa unzake ndi munthu wosafulumira. Anawalitsa tochi, sanaone kanthu. Kutacha milu inali itatu, kuseri kwa shedi kuli mbee. Lachinayi inali isanu.

Kukhitchini, Mme Mamokete, mayi wophika, anawathirira phala lowawasa, natsitsa mawu.

"Anthu akuti ndi abusa amene chipale chinawameza kalekale. Akuti sawakira chabe amenewo, alipo amene akumuwakira." Anawayang'ana m'maso. "Abuti Nkhahle atsika liti?"

A Khoabane anaika pansi kapu. A Nkhahle anali abuti wawo, ndiye kuti mkulu wawo, m'bale yekhayo wotsala. Nkhosa zonse za m'mudzi zinatsika mu Meyi, koma iwo anakakamira kumtunda, chifukwa msipu wawo wa m'nyengo yozizira ndi umene tsopano unali mtsetse wa alendo. Foni kumeneko sikugwira. Wailesi inali italengeza chipale chachikulu Lachisanu usiku, ndipo mbusa wakale ngati iwo akanunkhiza chipale chotere amatsika, ngakhale mumdima.

Lachisanu m'mawa milu inakwana isanu ndi iwiri. A Khoabane anapita kwa Lebona chipewa chili m'manja.

"Isiyeni masiku awiri okha, ntate. Mkulu wanga adutse."

Lebona anapukuta nkhope. Maso ake anali ofiira ndi tulo. "Mawa tili ndi mpikisano, ntate wanga. Mlendo mmodzi akavulala aboma atitsekera, anthu makumi anayi tonse kunyumba. Ndikuyatsirani magetsi a pa mtsetse usiku wonse, mkulu wanuyo aona njira kuposa masana. Koma miyalayo mukaitaye kumene siingabwerereko."

A Khoabane anaganiza za phompho la kum'mawa, kumene phiri limangothera m'malere. Anapakira miyalayo m'ngolo ya thirakitala, maulendo anayi. Pofika kumeneko anaopa kuyandikira kwambiri, kuti matayala angaterereke, choncho anaikhuthulira m'mphepete, pang'ono apa, pang'ono apo.

Chipale chinayamba dzuwa litangolowa. Pofika naini koloko munthu sakanatha kuona dzanja lake lomwe. Teni koloko mawaya anaduka kwinakwake kumunsi, magetsi onse n'kuthima, ndipo jenereta inangokwanira zipinda za alendo. M'hotela munkamveka nyimbo ndi kuseka.

A Khoabane anakwera wapansi mpaka pamene panali mulu wachinayi, naimapo iwo eni, tochi m'mwamba. Kuwala kwake kunkathera pa mphuno pawo. Anaitana dzina la mkulu wawo mpaka mawu anasasa.

Pakati pa usiku anamva mabelu. Anali kutali, kumtunda, akubwera pang'onopang'ono: belu lalikulu la nkhosa yotsogolera, ang'onoang'ono pambuyo pake. Galu anauwa kamodzi. Kenako likhweru lija, lokwera kawiri n'kutsika, limene a Nkhahle ankaimba kuyambira onse awiri ali anyamata oweta. Mtima wa a Khoabane unakhala pansi. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

Pomwepo anamva phokoso lina, osati pa mtsetse ayi, koma kum'mawa. Kho. Zii. Kho.

Mabelu anaima ngati akumvetsera. Kenako anakhota.

"Abuti! Kuno!" Mphepo inawabwezera mawuwo kukhosi. Anayamba kuthamanga chopingasa phiri, koma kunja kwa mtsetse chipale chinali chosapondedwa, ndipo anamira mpaka m'chiuno. Anakwawa, anagwa, anadzukanso, tochi inatayika. Patsogolo pawo mabelu ankapitirira mwadongosolo, mosakayika, monga zimayendera nkhosa zimene mbusa wake akuidziwa njira. Belu lalikulu ndi limene linayamba kukhala chete. Enawo analeka limodzilimodzi, mosathamanga, mpaka kunatsala mphepo yokha.

Kunacha kopanda kamtambo. Alendo anatuluka ndi zovala zawo zowala, akujambulana, akuti chipale chenicheni chotere sanachionepo. A Khoabane, zala zitauma gwa, anafika kuphompho dzuwa litakwera.

Milu inalipo isanu ndi iwiri, yowakidwa bwino lomwe, yondondozana mowongoka pamene iwo anakhuthulira miyala paja. Pamwamba pa mulu uliwonse chipale chinali chitasesedwa ndi chikhatho, pamene munthu anapapasa n'kukhulupirira. Wotsiriza unali pa mlomo penipeni pa phompho. Anasuzumira. Pansi panali poyera, posalala, popanda chooneka.

Wailesi ya m'thumba yolankhulirana pa ntchito inakhosomola. "Ntate Khoabane, muli kuti? Bwerani musalaze, anthu akudikira." Anali mawu a Lebona. "Mkulu wanu uja anafika bwino?"

A Khoabane anakhala pansi pafupi ndi mulu wotsirizawo, nayamba kuwerenga miyezi ndi zala zosamva kanthu. Chipale cha m'phompho limenelo chimasungunuka mu Okutobala, ndipo ndi pamene chimabweza amene chinawameza.