Chisanu Chitawotcha Dimba la ku Bowe

Unali m'mawa wa Lolemba mu Juni, chifunga chitakuta msewu wa pa Madisi. Talandira, mphunzitsi wa sitandade sikisi, ankadikira minibasi atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Pambali pake panaima mnyamata wovala malaya a manja aafupi, mano akugundana.

"Achimwene, mwachokera kuti osavala juzi mwezi uno?" anafunsa Talandira akuseka.

"Ku Chikwawa, achemwali. Ndine Felton, mlangizi watsopano wa zaulimi. Kwathu ngakhale mu Juni timafunda kansalu chabe. Kuno ndafika dzulo, koma zala zangazi zachita dzanzi."

Talandira anagula mbatata yootcha kwa mayi wina wa pasiteji n'kumupatsa.

"Musadye kaye. Ifumbateni m'manja."

Zinayamba choncho. Talandira ndiye anamuonetsa pogula juzi ya kaunjika. Anamuuza kuti azipaka gilisalini milomo isanang'ambike, ndiponso kuti mbaula azitulutsa panja asanatseke chitseko, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. Pasanathe masabata atatu, anasiya kuitanana kuti "inu".

"Duwa langa la ku Dowa," analemba Felton tsiku lina, "ndinabwera kuno ndikuopa kuzizira, osadziwa kuti dzuwa langa likundidikira pasiteji."

Talandira anawerenga uthengawo katatu, akumwetulira yekha. Kenako foni inaliranso, ndipo kumwetulirako kunatha.

Anali Obadiya, bwenzi lake la zaka zinayi, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Cape Town. Makolo a mbali zonse ankadziwana kale. Tsiku limene Obadiya ankanyamuka, Talandira anamugwira dzanja n'kulonjeza kuti, "Ndidzakudikira, ngakhale zitatenga zaka khumi."

"Tala wanga," unatero uthenga wa Obadiya, "kuno kuzizira kumabwera ndi mvula. Denga likudontha, nsapato sizikuuma. Ndikumavala majumbo m'kati mwa sokosi kuti ndifike kuntchito mapazi ali ouma. Koma ndikakumbukira iwe, thupi lonse limafunda."

Talandira anaika foni chafufumimba patebulo. Kodi akanayankha chiyani? Kuti naye akuzizidwa? Chikhalirecho dzulo lake anali ataotha mbaula ndi Felton pakhonde, akumwa tiyi kapu imodzi?

"Pirira, wokondedwa," analemba. Atatumiza, anadzida.

Kangapo konse anatsimikiza mtima kuti amuuza Felton zoona. Loweruka lina anakwera njinga yamoto ya Felton mpaka ku mapiri a Ntchisi. Mphepo inkabaya ngati singano, ndipo Felton anamuveka jekete yake.

"Felton, pali nkhani ina," anayamba Talandira.

"Yanga iyambe," anatero Felton. "Ndawauza amalume za iwe. Ndikulonjeza, mtima wanga, chisanu cha chaka chamawa chidzatipeza m'nyumba imodzi."

Maso ake ankawala ngati a mwana. Talandira anameza mawu ake.

"Nanga nkhani yako ija?"

"Ayi, si yaikulu."

Pakati pa Julayi kunagwa chisanu choopsa. M'kalasi ana ankalephera kugwira mapensulo, moti Talandira ankawaphunzitsira panja, padzuwa. Lachinayi ana ataweruka, Talandira anamva njinga yamoto ikuima kuseri kwa kalasi. Felton anatsika, koma sanamwetulire.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Ulemu umenewo unamuopsa Talandira. "Bwanji kodi, Felton?"

"Ndikuchokera ku Bowe. Chisanu chawotcha tomato m'madimba, ndiye ndimayendera alimi. Ndinafika kwa mayi ena, Mayi Faines. Dimba lawo lonse lada bii."

Mayi Faines anali amayi ake a Obadiya.

"Ndi mayi abwino," anapitiriza Felton motsitsa mawu. "Anandilowetsa m'nyumba kuti ndimwe tiyi. Ndinawapepesa za tomato, koma iwo anati, 'Mwana wanga, tomato ndidzalanso. Chondisangalatsa n'chakuti Disembala uno mwana wanga akubwera kudzachita chinkhoswe.' Kenako anatsitsa chithunzi pakhoma kuti ndione mpongozi wawo."

"Felton, ndimafuna kukuuza."

"Liti? Amalume atafika kale kwanu?"

"Sindinaname kuti ndimakukonda."

"Mwina. Koma mayi aja anandifunsa ngati ndimakudziwani, poti ndimadutsa kusukulu kwanu. Ndinati ndimangokuonani patali. Mwandinamitsa kwa mayi wachikulire amene wandipatsa tiyi ndi shuga wake womaliza."

Talandira anatambasula dzanja, koma Felton anabwerera m'mbuyo.

"Munandithandiza pamene ndinali mlendo, ndipo ndikuthokoza. Koma musandilemberenso."

Analiza njinga n'kumapita. Talandira anakhala pansi pakhonde la kalasi, misozi ikutsika m'masaya ouma ndi mphepo. Akanatha kungokhala chete. Felton sakanaulula, ndipo Disembala akanafika ngati palibe chinachitika. Koma akanawayang'ana bwanji Mayi Faines kumaso?

Anaimba foni. Obadiya anayankha akutsokomola.

"Tala wanga! Lero mvula yakata, ndayanika bulangeti panja. Uli bwanji?"

"Obadiya, khala pansi. Ndakulakwira."

Anamuuza zonse, kuyambira pasiteji ya pa Madisi mpaka ku mapiri a Ntchisi, osabisa kanthu. Atamaliza, ankangomva mphepo ikuwomba malata kumbali inayo.

"Anzanga anabwerera kumudzi mu Meyi, kuthawa kuzizira," anatero Obadiya pomaliza pake. "Ine ndinatsala kuti timalize nyumba yathu."

"Ndikhululukire."

"Kukhululuka ndidzakhululuka, koma osati lero. Za chinkhoswe tiye tiziiwale." Anatsokomolanso kwa nthawi yaitali. "Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Amayi usawauze."

"Ndiyenera kukawapepesa ndekha."

"Ayi, Talandira. Ndiwauza ine, akadzala kaye tomato wina. Sangataye dimba ndi iwe sabata imodzi."

Foni inaduka.