Kachala ndi Mabatani Oyeserera

Uyu ndi Kachala. Dzinali anamupatsa ndi amalume ake. Chala chake sichikhala phee. Akaona batani, amadina basi.

Kachala ali ndi khumbo limodzi. Akufuna ababa amve mawu a amayi.

Amayi ali kuchipatala, kutali. Adwala nthawi yaitali. Masana alionse amaimba foni ya vidiyo. Nkhope yawo imaoneka pa kompyuta ya pabalaza.

Koma ababa samva. Makutu awo anatseka ndi phokoso la makina kuntchito. Amayi akamalankhula, ababa amangoyang'ana milomo. Amagwedeza mutu. Amamwetulira. Koma samva kanthu. Zimenezi zimamuwawa Kachala kwambiri.

Tsiku lina amayi anati, "Mwanangu, mkuja akundichita opaleshoni. Ndili ndi mawu oti abambo ako amve. Mawa ndikufuna ndiwauze ndekha."

Kachala anapita kwa amalume. Amalume amakonza mafoni pakona pa msewu.

"Amalume, kodi kompyuta ingathandize ababa kumva?"

"Kumva ayi," anatero amalume. "Koma kuwerenga inde. Ukuidziwa bulawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti ija?"

"Ndikuidziwa."

"M'menemo muli tsamba la zoyeserera. Ndi zinthu zatsopano. Sizinapse bwino. Zimakhala zozima mpaka mwini wake atazifuna. Chimodzi chimalemba mawu munthu akamalankhula. Undidikire mawa, tikayatse limodzi."

Kudikira? Kachala ameneyu? Abale inu!

M'mawa anatsegula bulawuza yekha. Analipeza tsamba lija. Mabatani anali mbwee. Pamwamba panali chenjezo. Kachala sanawerenge.

"Batani la ababa ndi liti?" anadzifunsa. "Kaya. Ndingoyatsa onse."

Anadina. Anadinanso. Anadinabe mpaka pansi. Kenako anatseka bulawuza n'kuitsegulanso.

Mayo ine! Zilembo zinapendekeka. Zithunzi zinayamba kuphethira. Kachala anachita mantha. Koma sanauze munthu.

Masana kompyuta inalira. Amayi akuimba. Ababa anakoka mpando. Anakonza kolala ya malaya awo. Kachala anadina kuti ayankhe.

Sikirini inangoti bii.

"Halo? Muliko?" anamveka mawu a amayi.

Mawu analipo. Nkhope panalibe.

Ababa anayang'ana mdimawo. Dzulo anali ndi nkhope ya amayi. Lero alibe mawu, alibenso nkhope. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa.

"Amayi ako ali kuti, mwanangu?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Kachala.

"Amayi, pepani," anatero. "Imbaninso pakapita kanthawi. Chonde imbaninso."

"Ndiyesa, mwanangu. Koma anesi akubwera posachedwa."

Kachala anathamanga. Anadutsa pageti. Anadutsa pampopi. Anafika pakona ali wefuwefu.

"Amalume, ndaononga! Ndayatsa onse!"

"Onse?" Amalume anagwira pakamwa. "Chala chimenecho, iwe! Tiye msanga."

Amalume anatseka kashopu kawo ka mafoni. Anafika kunyumba. Anapatsa moni alamu awo ndi dzanja. Kenako anakhala pa kompyuta.

"Pukuta misozi," anatero. "Ona pamwambapa. Batani ili limabwezera zonse mwakale. Dina ndiwe."

Kachala anadina. Anatseka bulawuza. Anaitsegulanso. Zilembo zinaongoka. Zithunzi zinasiya kuphethira. Kachala anapuma.

"Tamvera tsono," anatero amalume. "Zoyeserera timayatsa chimodzi chokha. Timawerenga kaye. Tikayatsa, timaona ngati zili bwino. Chikavuta, timachizimitsa. Ukayatsa zonse, udziwa bwanji chimene chavuta?"

"Sindingadziwe."

"Eya. Tiye tifunefune pang'onopang'ono."

Anawerenga limodzi. Ili ayi. Ilinso ayi. Kenako Kachala analoza.

"Ili! Lolemba mawu!"

Chala chinanyamuka kale. Amalume anachigwira.

"Dikira. Kompyutayi ndi ya ndani?"

"Ya ababa."

"Ndiye asankhe ndi eni ake."

Kachala anagwira ababa dzanja. Anawaonetsa batanilo. Anawaonetsanso chenjezo lija. Ababa anavala magalasi. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Akuti chikhoza kulakwitsa," anatero ababa. "Akuti chikhoza kusiya kugwira ntchito."

Anayang'ana mwana wawo.

"Ndamva. Ndikuchifunabe. Yatsa, mwanangu. Chimodzi chokha."

Kachala anadina kamodzi. Kenako anapinda manja.

Anadikira. Ababa anadikira. Amalume anadikira. Kachala ankaopa kuti anesi afika kale.

Kompyuta inalira!

Kachala anayankha. Nkhope ya amayi inaoneka. Anali otopa, atatsamira pilo. Koma anali amayi.

Milomo yawo inayenda. Pansi pa nkhope panatuluka zilembo. Zinachedwa pang'ono. Chilembo china chinalakwika. Paja ndi zoyeserera.

Ababa anasendera pafupi. Anawerenga mokweza.

"Bambo a Kachala, mukundimva?"

Anavula magalasi. Anapukuta maso ndi mkono wa malaya. Anavalanso msanga, kuopa kuphonya mawu ena. Kachala anawatsamira paphewa.

"Ndikukumvani, mayi a Kachala," anatero ababa. "Ndikukumvani. Lankhulani zonse."