Peni ya M'jekete

"Ilemba?"

"Siilemba."

"Ndiye itaye."

"Sinizaitaya!"

Amene ankati "itaye" anali Amayi. Amene ankakana anali Tionge.

Tionge ankakhala ku Chawama. Amayi ake ankagulitsa salaula pamsika. Salaula ndi zovala zimene ena anavalapo kale. Zimabwera m'belo lalikulu, kuchokera kutali.

Loweruka lililonse Tionge ankathandiza Amayi. Ntchito yake inali kupisa m'matumba. Ankapisa m'thumba la buluku. Ankapisa m'thumba la diresi. Nthawi zina ankapeza batani. Nthawi zambiri ankapeza fumbi lokha.

Tsiku limeneli anapisa m'thumba la jekete. Anapeza peni.

Peniyo inali yakuda, yonenepa, yolemera. Tionge anachotsa chotsekera chake. Ha! Peniyo inali ndi mlomo ngati wa mbalame. Mlomowo unali wonyezimira. Unali ndi kamzere pakati. Tionge anali asanaonepo peni yotere. Anaikonda pomwepo.

Koma peniyo sinkalemba.

"Ona mlomo wake," anatero Amayi. "Ni wakuthwa. Karen angazilase nao."

Karen anali mng'ono wake wa Tionge. Anali kumbuyo kwa Amayi. Ankagwira chilichonse n'kuika m'kamwa.

"Nipatseniko mpata, Amayi," anatero Tionge.

"Chabwino. Mpaka nimange katundu. Ikalemba, ni peni, uzaisunga mu chola cha kusukulu. Ikapanda kulemba, ni msomali chabe. Tizaitaya."

Tionge anatenga kalendala yakale. Anaitembenuza kumbuyo koyera. Anakhala pansi.

Ku Chawama aliyense ndi dokotala wa mapeni. Peni ikadwala, mankhwala sasowa.

Woyamba kufika anali Emelda, mnzake wa Tionge.

"Iwe, bweretsa kuno," anatero Emelda. "Peni ikakana, uigwedeza."

Emelda anaigwedeza. Anaigwedeza m'mwamba. Anaigwedeza pansi. Anaigwedeza mpaka mkono unawawa.

Tionge anayesa pa kalendala. Peni sinalembe.

"Imvera mphepo," anatero Emelda. "Ifuna kuthuma."

Anaiika pakati pa manja ake. Anaipekesa, anaipekesa. Manja anatentha. Peni inatentha.

Tionge anayesanso. Peni sinalembe.

Pafupi pawo panali a Kombe, ogulitsa nsapato. Iwo ankaonerera, akupukusa mutu.

"Imwe bana, simuziba vinthu," anatero a Kombe. "Peni uikwecha pansi pa nsapato. Ine nachiritsa mapeni yambiri."

Anatenga nsapato yaikulu. Anaigadamitsa. Anakwecha peni: kwe, kwe, kwe!

Mlomo wa peni unalira. Mtima wa Tionge unalira nawo.

"Ba Kombe, pang'onopang'ono! Muzaithyola!"

A Kombe anabweza peni. Mlomo unali bwinobwino. Tionge anayesanso. Peni sinalembe.

"Basi, yafa," anatero a Kombe. "Ngati nsapato yakangiwa, palibe wina angakwanise."

Dzuwa linapendeka. Amayi anayamba kupinda malaya. Anapinda oyera. Anapinda ofiira.

Panatsala mankhwala amodzi. Kusukulu, peni ikakana, ana amaiyamwa kumbuyo. Tionge anatembenuza peni yake. Kumbuyo kunalibe bowo.

"Ndiye niyamwa kutsogolo," anatero.

Anaika mlomo wa peni m'kamwa. Anayamwa. Fyuu!

"Pthu! Ibaba!"

Emelda anamuyang'ana. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Tionge, lilime lako! Ni la buluu!"

A Kombe anaseka. Karen anaseka. Amayi anagwira m'chiuno.

"Nimayopera Karen," anatero Amayi. "Kansi wamene adya mapeni ni mkulu wake!"

Tionge sanaseke. Anaika peni pa kalendala. Anakoka mzere kumtunda. Anakoka mzere wotsika.

T.

"Yalemba!" anakuwa Tionge.

Anayesa kulemba i. Peni inaleka. Anayesanso. Peni sinalembe.

"Chilembo chimodzi si kulemba," anatero Amayi. Anayamba kupinda mabuluku.

Tionge anagwira tsaya. Anaganiza. Peni inakana kugwedeza. Peni inakana nsapato. Koma inamvera m'kamwa. Nanga m'kamwa muli chiyani?

"Muli meno," anatero Emelda. "Iluma!"

"Sininailume."

"Muli kuthuma."

"Tinaithumisa kale. Inakana."

"Muli nkhani zambiri," anatero a Kombe. "Makamaka mukamwa mwa Emelda."

Tionge anameza malovu. Kenaka anatong'ola maso. Malovu!

"Ni kunyowa!" anatero. "Inki yake inauma. Peni ili na njota. Ifuna madzi!"

"Peni siimwa madzi, iwe," anatero Emelda. "Si nkhuku."

Koma Tionge anali atathamanga kale. Anapeza kachitini. Anathiramo madzi pang'ono. Anaviika mlomo wa peni.

Onse anasuzumira.

M'madzi munatuluka kamtambo. Kanali ka buluu. Kanakula, kanakula. Madzi onse anasanduka buluu.

"Inki ithaba!" anakuwa Emelda. "Igwire!"

Tionge anagwira peni zolimba. Anaigwira kumbuyo. Kumbuyoko kunazungulira! M'madzi munatuluka thovu: bwu, bwu, bwu.

Tionge anaima. Anazungulitsa kubwerera. Madzi a m'kachitini anatsika pang'ono.

"Yamwa," ananong'ona Emelda. "Zoona yamwa."

Tionge anazungulitsa uku. Peni inalavula. Anazungulitsa uko. Peni inamwa. Inalavula, inamwa. Inalavula, inamwa. Madzi anada kwambiri.

Amayi anali atapinda zonse. Anatenga chingwe chomangira.

"Tionge, nimanga manje."

"Yembekezani, Amayi!"

Tionge anaika peni pa kalendala. Anadinikiza mwamphamvu, monga amachitira kusukulu. Mlomo wa peni unakanuka. Dontho lalikulu linagwa. Pepala linabowoka.

"Uko si kulemba," anatero Amayi. "Ni kulima."

Amayi anamanga mfundo yoyamba.

Tionge anachita mantha. Sanafune kuipweteka peni yake. Anaigwira mofewa. Anangokhudza pepala pang'ono, ngati ntchentche ikutera.

Peni inayenda.

Inayenda yokha, mosavuta. Inasiya mzere wa buluu, wonyowa, wowala.

T-i-o-n-g-e.

"Yalemba! Amayi, yalemba zina langa lonse!"

Emelda analumpha. Karen anaomba m'manja. A Kombe anavina ndi nsapato m'manja.

"Mwaona?" anatero a Kombe. "Nsapato yanga isebenza mochedwa, koma isebenza."

Tionge analemba Emelda. Analemba Karen. Analemba Chawama. Akayendetsa peni cham'mbali, mzere unkaonda. Akaitsitsa, mzere unkanenepa. Zala zake zinali za buluu. Lilime lake linali la buluu. Iye analibe nazo ntchito.

"Iyi siitaika inki ikasila," anatero a Kombe. "Ugula chabe inki ya mu botolo. Peni imwa futi."

"Masiku onse?"

"Mpaka ukote, ukhale nkhalamba monga ine."

Amayi anasiya chingwe. Anawerama. Anayang'ana pa kalendala.

"Chabwino," anatero. "Ni peni. Ni yako. Sitizaitaya."

Tionge anawakumbatira m'chiuno.

"Leta peni kuno nione ngati ilemba zoona," anatero Amayi.

"Osadinikiza, Amayi. Gwirani monga dzira."

Amayi anakhala pa belo. Anagwira peni mofewa. Analemba dzina lawo. Analiyang'ana. Anamwetulira.

Analilembanso, ndi kamchira kumapeto.

Tionge anatambasula dzanja. Amayi sanaone. Analemba dzina la Atate. Analemba dzina la mudzi wawo wa ku Katete. Anajambula duwa.

Tionge anatsokomola. Amayi anajambula duwa lina.

Emelda anaitanidwa kwawo. A Kombe analonga nsapato zawo. Karen anagona kumbuyo. Kalendala inadzaza. Amayi anayamba kulemba m'mphepete, akuimba chapansipansi.

Tionge anaima patsogolo pawo. Dzanja lake linali chitambasulire.

"Amayi, kansi peni ni ya ndani?"