Katsabola Achitira Nsanje Kavalo

Katsabola anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina limeneli anamupatsa ndi Amayi. Ankati, "Mwana uyu ndi wamng'ono, koma amawawa!"

Katsabola ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kusewera ndi Adadi. Koma Adadi ankangokhalira kukhola.

Adadi ankagwira ntchito yosamalira akavalo. Kuseri kwa nyumba kunali khola lalitali. M'kholamo munali akavalo anayi. Wamkulu pa onsewo anali Mtambo.

Mtambo anali woyera. Mtambo anali wokalamba. Ndipo Mtambo ankadwala.

Khosi lake linanenepa kwambiri. Ubweya wake unatalika mpaka kupotana. Madzi ankamwa ambiri. Kumwa, kumwa, kumwa!

Tsiku lina kunabwera Adokotala a ziweto. Anali mayi wamtali, wovala jombo zobiriwira. Anatenga magazi a Mtambo pang'ono. Patapita masiku anabweranso.

"Bambo, kavalo wanu ali ndi matenda awiri," anatero Adokotala.

"Awiri?" anafunsa Adadi. Nkhope yawo inagwa.

"Oyamba ali m'mutu. M'mutumo muli kachiwalo kakang'ono. Kamatumiza mauthenga m'thupi lonse. Mauthengawo timawatchula mahomoni. Kwa Mtambo kakutumiza ochuluka kwambiri. N'chifukwa chake ubweya watalika chonchi."

"Nanga achiwiri?"

"Achiwiri ndi a shuga. M'magazi muli insulini. Insulini amauza thupi kuti, 'Landira shuga.' Koma thupi la Mtambo silikumva. Lili ngati mwana wa nkhutukumve."

Adadi anayang'ana Katsabola. Katsabola anayang'ana kumbali.

"Mvetserani bwino," anatero Adokotala. "Udzu wauwisi uli ndi shuga wambiri. Mtambo asadye udzu wauwisi. Akadya, ziboda zake zidzapweteka kwambiri."

Kuyambira tsiku limenelo, zinthu zinasintha.

M'mawa, Adadi ankamupatsa Mtambo piritsi. Kenako ankayeza udzu wouma pa sikelo. Kenako ankaunyika m'madzi kuti shuga achoke. Kenako ankamupesa ubweya. Kenako ankamugwira ziboda, chimodzichimodzi.

Anamukonzeranso bwalo lakelake. Linali bwalo la mchenga. Munalibe udzu ngakhale umodzi.

Lolemba, Katsabola anajambula chithunzi cha ndege.

"Adadi, taonani!"

"Dikira pang'ono, mwanawe. Ndimuone Mtambo kaye."

Lachiwiri, dzino la Katsabola linayamba kugwedera.

"Adadi, taonani!"

"Dikira pang'ono, mwanawe. Ndimuone Mtambo kaye."

Lachitatu, Katsabola anakhoza masamu onse kusukulu.

"Adadi, taonani!"

"Dikira pang'ono, mwanawe."

Katsabola anamalizitsa yekha. "Ndimuone Mtambo kaye!"

Analowa m'nyumba. Anamenyetsa chitseko, phwa! Anakhala pampando, ali ndwii.

Amayi ankasoka diresi pa makina. Anasiya kusoka. Anamuyang'ana.

"Mlomo umenewo watalika bwanji? Tipachikepo chipewa?"

Katsabola sanaseke.

"Mtambo, Mtambo, Mtambo!" anatero. "Kodi mwana wa Adadi ndi ndani? Ine kapena kavalo?"

"Ndiwe, mwanangu," anayankha Amayi. "Koma Mtambo akudwala."

Katsabola anaganiza. Anaganizanso. Kenako anapeza nzeru.

Lachinayi m'mawa, sanapese tsitsi. Analisokoneza ndi zala. Anamwa makapu anayi a madzi. Mimba inati ndi! Anapita kukhola akutsimphina.

"Adadi, ndikudwala."

"Chavuta n'chiyani?"

"Taonani tsitsi langa. Latalika. Madzinso ndamwa ambiri. Nanenso ndili ndi mahomoni."

Adadi anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Pepa, wodwala wanga! Ndikunyikire udzu m'madzi?"

Kenako anatembenuka. Anapitiriza kumupesa Mtambo.

"Mnyamata wabwino," anatero Adadi. "Mnyamata wanga wabwino."

Mtima wa Katsabola unawawa. Anamuyang'ana Mtambo ndi diso loipa. Mtambo ankangotafuna udzu wake.

Madzulo Adadi anamuitana.

"Katsabola, Loweruka ndi tsiku lako. Tidzapita kukasewera pa katungwe. Iwe ndi ine basi."

"Popanda Mtambo?"

"Popanda Mtambo."

Katsabola analumpha ndi chimwemwe.

Loweruka linafika. Katsabola anadzuka molawirira. Anasamba. Anavala diresi lake lachikasu. Anathamangira kukhola.

Anapeza Adadi atanyamula kabotolo. Kabotoloko kanali kopanda kanthu.

"Mapiritsi a Mtambo atha," anatero Adadi. "Ndinaiwala kugula ena. Ndithamangire kwa Adokotala."

"Nanga katungwe?"

"Tidzapita tsiku lina."

"Koma munalonjeza!"

"Pepa, mwanawe. Mtambo sangakhale osamwa mankhwala."

Adadi anatuluka m'bwalo la mchenga mothamanga. Anakankha geti. Koma sanakoloweke kachitsulo kotsekera.

Katsabola anaona. Geti linali lotseguka pang'ono. Kutsogolo kwa geti kunali dambo la udzu wauwisi. Udzuwo unali wobiriwira biriwiri.

Katsabola ankadziwa lamulo. Mtambo asadye udzu wauwisi.

Anayang'ana geti. Anayang'ana Mtambo. Anayang'ana diresi lake lachikasu.

"Adzatseke okha," anatero. "Si mwana wawo?"

Anabwerera kunyumba. Anagona pabedi chafufumimba.

Mtambo anakankha geti ndi mphuno. Geti linatseguka. Mtambo analowa m'dambo. Anadya. Anadya. Anadya m'mawa wonse.

Masana Adadi anabwera. Katsabola anamva mawu awo pawindo.

"Mayo ine! Mtambo! Tuluka m'menemo!"

Katsabola anadziphimba kumutu ndi pilo.

Lamlungu, Mtambo ankayenda pang'onopang'ono. Lolemba, Mtambo sanayende n'komwe.

Anaima pakona ya khola. Miyendo yakutsogolo anaitambasulira kutsogolo. Thupi lonse linapendekera kumbuyo. Ankatuluka thukuta.

Adadi anagwira chiboda chimodzi.

"Chikutentha," anatero.

Anagwira china.

"Ichinso chikutentha."

Adokotala anabwera mwachangu. Anamubaya Mtambo jakisoni woletsa ululu.

"Ziboda zatupa m'kati," anatero. "Shuga uja ndi amene wachititsa. Bweretsani ndowa ziwiri. Bweretsani madzi oundana ambiri."

"Kodi achira?" anafunsa Adadi.

"Tiyesetsa, Bambo. Sindinganene panopa."

Katsabola anaima pakhomo la khola. Mtambo anatembenuza mutu. Anamuyang'ana ndi maso ake aakulu. Analira motsitsa, ngati akumupatsa moni.

Katsabola anazolika.

Adadi anakhala pa ndowa yovundikira. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Ndine wolakwa," anatero. "Sindinatseke geti."

Katsabola anayandikira.

"Adadi."

"Dikira pang'ono, mwanawe."

"Ayi, Adadi. Sindidikira."

Adadi anadzutsa mutu.

"Ndinaona kuti geti silinatsekeke," anatero Katsabola. "Ndinaona ndi maso angawa. Koma sindinatseke."

Adadi anamuyang'anitsitsa.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Adadi.

"Chifukwa mumakonda Mtambo kuposa ine!"

Misozi inatsika, mbwembwembwe. Katsabola analira mokweza.

Adadi sanakalipe. Anadzuka pa ndowa paja. Kenako anagwada pansi. Anamugwira mapewa.

"Zimene unachitazo n'zoipa," anatero. "Mtambo akumva ululu. Iye sanakulakwire."

"Ndikudziwa. Pepani, Adadi."

"Amene anakulakwira ndine. Unandiitana kambirimbiri. Ine sindinacheuke. Pepa, mwana wanga."

Anamupukuta misozi ndi chala.

"Dzino lija lili bwanji?"

"Linachoka Lachisanu."

"Lachisanu? Ine osaona?"

Katsabola anatsegula pakamwa. Panali mpata waukulu.

"Eee!" anatero Adadi. "Apanso geti n'lotseguka!"

Katsabola anaseka uku akulira.

Adokotala anatsokomola pang'ono.

"Anthu inu, madzi oundana aja ali kuti? Ndikufuna wothamanga."

"Ine!" anatero Katsabola.

Anathamangira kukhitchini. Amayi anatsegula firiji. Anatulutsa madzi oundana onse. Anakapemphanso ena kwa aneba.

Katsabola ananyamula. Anathira m'ndowa. Anabwerera. Ananyamulanso. Anathiranso.

Adadi anaika chiboda chimodzi m'ndowa. Anaika china m'ndowa ina. Mtambo anapumira m'mwamba, fuu!

"Akumvako bwino," anatero Adokotala. "Mwazani pansi utuchi wambiri. Aziponda pofewa. Asatuluke m'khola mpaka nditanena."

Kenako anayang'ana Katsabola.

"Iwe, umadziwa kuwerenga manambala?"

"Ndinakhoza masamu onse!"

"Basi, sikelo ndi yako. Udzu usapitirire muyezo. Usachepenso. Kavalo wodwala shuga sayenera kukhala ndi njala."

"Nanga ndingamupatse apozi?"

"Ayi. Apozi ndi wotsekemera."

"Nanga switi?"

"Switi udye wekha. Koma usamale mano otsalawo."

Tsiku lililonse, Katsabola ankadzuka limodzi ndi Adadi.

Katsabola ankayeza udzu. Adadi ankaunyika m'madzi. Katsabola ankayang'ana wotchi. Ola likakwana, ankafuula kuti, "Nthawi yakwana!" Adadi ankakhetsa madziwo. Madzi ake ankakhala ofiirira ngati tiyi.

"Shuga uja ndi ameneyo," ankatero Adadi. "Akupita!"

"Pita, shuga, pita!" ankatero Katsabola.

Piritsi linali lovuta. Mtambo ankalilavula. Adadi akalibisa mu udzu, Mtambo ankalipeza. Ankalilavulanso, thu!

Katsabola anapeza nzeru. Ankamukanda Mtambo kuseri kwa khutu. Mtambo ankatsinzina. Mlomo wake unkalendewera. Adadi ankalowetsa piritsi msangamsanga.

"Wameza!" ankanong'ona Katsabola.

Pogwira ntchito, ankacheza. Katsabola ankafotokoza za kusukulu. Adadi ankamvetsera. Nthawi zina ankasiya ndowa pansi kuti amve bwino.

Koma nsanje sinathe tsiku limodzi. Tsiku lina Adadi anati, "Mnyamata wanga wabwino." Mlomo wa Katsabola unayamba kutalika.

"Adadi, yabweranso," anatero.

"Chiyani?"

"Nsanje ija."

"Ili pati?"

"Apa." Analoza pachifuwa.

"Wachita bwino kunena. Bwera kuno."

Adadi anamunyamula. Anamuzungulitsa m'mwamba katatu. Nsanjeyo inachita chizungulire. Inathawa.

Sabata inatha. Ina inatha. Kunabwera bambo wodula ziboda. Anadula ziboda za Mtambo mosamala. Masabata enanso anatha.

Tsiku lina Adokotala anabweranso. Anagwira ziboda zonse zinayi. Anayeza khosi ndi tepi. Anamwetulira.

"Ziboda zazizira. Khosi laphwa. Insulini watsika."

"Ndiye kuti wachira?" anafunsa Katsabola.

"Ziboda zachira. Koma matenda aja satheratu. Piritsi azimwa tsiku lililonse. Udzu uziyezedwa tsiku lililonse. Mukatero, akhala bwino."

"Titero," anatero Katsabola.

"Lero atha kuyenda pang'ono. Kuyenda kumathandiza thupi kumvera insulini."

Adadi anamupatsa Katsabola chingwe.

"Umutsogolere ndiwe."

Katsabola anagwira chingwe ndi manja awiri. Anayenda pang'onopang'ono. Mtambo anaponda kamodzi. Anapondanso. Sanatsimphine.

Anazungulira bwalo la mchenga kamodzi. Anazungulira kawiri. Amayi anatuluka m'nyumba, tepi ili m'khosi. Anaomba m'manja.

Adadi anagwada. Anatambasula manja.

"Bwera kuno, dokotala wanga wamng'ono."

Katsabola anawakumbatira. Amayi anabwera. Anawakumbatira onse awiri.

Mwadzidzidzi, chinthu chofunda chinawakankha. Chinali chimutu chachikulu choyera. Mtambo analowetsa mphuno pakati pawo. Anakankha Adadi uku. Anakankha Amayi uko. Anatsamiritsa mutu paphewa la Katsabola.

"Aa! Aa!" anatero Amayi. "Kavalo uyu watani?"

Katsabola anamuyang'ana Mtambo m'maso.

"Ndikudziwa," anatero. "Akuchita nsanje."

Onse anaseka.

"Sunthani pang'ono, Adadi," anatero Katsabola. "Malo alipo. Tikwana tonse."

Adadi anasuntha. Amayi anasuntha. Ndipo anakwanadi onse anayi.