Timadontho Tiwiri ta Penti

Loweruka, nthawi ili 10:20 m'mawa, wapolisi wofufuza milandu amene anzake ankamutcha Singano analowa mu holo ya bungwe la amisiri a magetsi. Dzinalo anamupatsa chifukwa choonda komanso kubaya anthu ndi mafunso, ndipo atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu anali atasiya kulikana.

Mipando inali itayalidwa kale kudikira msonkhano wa 2 koloko masana. Pakati pa holo panali makwerero, pamwamba pake mawaya atatu akulendewera pomwe panali nyale. Pansi pa makwererowo panagona mwamuna wovala ovololo yabuluu, chikhatho chakumanja chitapsa. Singano sanafunse kuti ndi ndani, chifukwa nkhope yomweyo inali mbwee pakhoma, pamasamba a kanyuzipepala ka bungwelo. Apa akulandira chikho, apa akugwirana chanza ndi mabwana, apa wanyamula mnzake kumutsitsa papholo. Anali Mkonzi wa kanyuzipepalako, ndipo sabata yapitayo anali atasankhidwa kukhala wapampando wa bungwelo.

Amene anapeza mtembo anali Mlembi wa bungwelo, bambo wamfupi, waukhondo, zolembera zitatu zili ndondondo m'thumba la malaya. Maso ake anali ofiira.

"Munafika nthawi yanji?" anafunsa Singano.

"Cha m'ma 9:40, bwana. Ndinamupeza ali chomwechi. Ndinathamangira kubokosi la magetsi m'kachipinda ka kuseri, n'kupeza swichi ya holo ili yoyatsa. Ndinathimitsa, kenako ndinakuimbirani."

"Munthu angagwire mawaya swichi ili yoyatsa?"

"Ndiye chikundipweteka mtima n'chimenecho. Lamulo lathu ndi lakuti ukathimitsa, umakhoma swichiyo ndi loko wako, kiyi n'kuika m'thumba, kuti wina asayatse iwe uli pamawaya. Loko wake uyo ali m'bokosi la zipangizo. Anaiwala. Tinayambira limodzi ntchito ife, bwana. Anali ngati mbale wanga wabere limodzi."

"Bokosi la magetsilo munalitsegula m'kati?"

"Ayi, ndinangokhudza swichi. Chivundikiro chake ndinachitsegula komaliza chaka chatha."

Singano analemba zimenezo m'kabuku kake, monga ankalembera chilichonse, ngakhale chooneka chopanda mutu.

Dokotala anatsimikiza kuti munthuyo anagwidwa ndi magetsi pakati pa 9 koloko ndi hafu pasiti naini. Lolemba m'mawa mkulu wa ofesi ya apolisi anaitana Singano. Mkuluyu anali munthu amene Singano yemweyo anamuphunzitsa kulemba sitetimenti, anamuphunzitsa ngakhale kuima pamaso pa woweruza osanjenjemera. Lero ndiye anali ndi mpando wozungulira ndi chithunzi m'magazini ya apolisi. Singano akamuona, kukhosi kunkachita kuwawa, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti dzina la matendawo ndi nsanje.

"Achikulire, iyi ndi ngozi," anatero mkuluyo akuyang'ana foni. "Mawa 12 koloko faelo ikhale itatsekedwa. Mulembe kuti anafa chifukwa chosasamala."

Mawu amenewo akanangolembedwa, basi, ndiye kuti munthu wapita ndi mbiri yoti anali mmisiri wopusa, ndipo ngati alipo anachita chipongwe, akanayenda pamsewu akuimba mluzu. Singano anapempha tsiku limodzilo kuti alidye lonse.

Nthawi ya 10 koloko, m'chipinda chofunsira anthu munakhala chimunthu chamawu ngati bingu, chimene amisiri anzake ankachitcha Jenereta. Ameneyu ndiye anagonja pachisankho, ndipo anthu asanu anamumva akunena kuti mpandowo Mkonzi saukhalira.

"Ndinanenadi, ndikaniranji?" anatero Jenereta. "Munthu uja ankandinyansa. Mwezi uliwonse ukatsegula kanyuzipepala, ndi iyeyo. Nkhani za maukwati a mamembala, ndi iyeyo wagwira keke. Mpira wa bungwe, ndi iyeyo wagwira chikho, chikhalirecho sanamenyepo ndi kamodzi komwe. Ife tikupsa ndi dzuwa pamapholo, iye akupsa ndi kamera."

"Loweruka 9 koloko munali kuti?"

"Pamwamba papholo, kuseri kwa fakitale ya matumba, ndi anzanga anayi. Kafunseni. Ine ndimakalipa pakamwa pokha, bwana. Mkazi wanga amati ndikanakhala woopsa ngati mawu angawa bwenzi makoswe atasamuka m'nyumba."

Singano anaimba mafoni anayi, ndipo onse anavomereza. Njira imeneyo inathera pomwepo.

Nthawi ya 2:30 masana anafika kunyumba ya malemu. Mayi wamasiye anamulandira m'khitchini, poti pabalaza panali podzaza ndi abale. Nayenso anali mmisiri wa magetsi, wa m'bungwe lomwelo, ndipo manja ake ankaoneka kuti amadziwa pulayala. Sanalire. Anaika pepala patebulo n'kulikankhira kwa Singano.

"Alamu abweretsa ichi m'mawa, a Mlembi aja. Akuti chituluka m'kanyuzipepala Lachisanu."

Mutu wake unali wakuti: *Imfa ya Mnzathu Itiphunzitse Kusamala*. Pansi pake panali dzina la Mlembi, m'zilembo zikuluzikulu kuposa za mutuwo.

"Bambo, wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima," anatero mayiyo. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina magetsi akhoza kunditengera mwamuna. Koma osati chonchi. Munthu uja anali ndi zolakwa zake, ankakonda kutamandidwa ngati mwana, koma loko sankaiwala. Ngakhale posintha babu m'nyumba muno ankakhoma, ana n'kumamuseka. Loko wakeyo munamupeza kuti?"

"M'bokosi la zipangizo."

"Ndiye wina anamuikamo. Loko ameneyo akakhala kuti sali paswichi, amakhala palamba wa buluku. M'bokosi sanagonemo chigulireni."

Singano anamva kutentha m'makutu, mmene ankamvera akayandikira chinthu.

"Tinene kuti anakhoma. Moto ungafike bwanji pamawaya swichi ili yokhoma?"

"Wodziwa ntchito atha kutsegula chivundikiro cha bokosi, n'kumasula masikuluu awiri, n'kulumikiza kawaya kakafupi kuchokera paswichi yoyandikana nayo. Moto umangolambalala lokoyo. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri."

Lachiwiri 7:30 m'mawa awiriwo anali m'kachipinda ka kuseri kwa holo, pamodzi ndi wojambula zithunzi wa apolisi. Mayiyo anathimitsa magetsi onse, anakhoma ndi loko wake, n'kuchotsa chivundikiro. M'kati munali fumbi la chaka chathunthu. Sikuluu iliyonse inali ndi kadontho ka penti yachikasu, kozilala, kokutidwa ndi fumbi. Koma pamasikuluu awiri oyandikana, wa swichi ya holo ndi wa swichi ya khitchini, fumbi linali litapukutika, ndipo timadontho take tinali tatsopano, towala.

Singano anatulutsa tsamba limene anachotsa pakhoma Loweruka. Linali ndi mutu wakuti *Luso la Mwezi Uno*, ndipo linkalangiza amisiri kuti akamanga sikuluu aziikapo kadontho ka penti, kuti adziwe kuti imeneyo yathekadi. Pansi pake panali dzina la Mkonzi ndi chithunzi chake akumwetulira. Mtima wa Singano unagwa.

"Ndiye kuti amuna anu ndi amene anagwira masikuluuwa."

Mayiyo anaseka kaphwete kowawa. "Amuna anga? Penti sanayigwirepo. Fufuzani m'bokosi mwawo ngati mupezamo cholembera cha penti. Iwo ankadziwa kuika dzina pansi pa nkhani. Luso limeneli ndi la alamu. M'bungwe lonse lino amene amadontheza penti ndi iwo okha, ena onse amati n'kutaya nthawi." Atanena zimenezo anagwira pakamwa, chifukwa anali atadzimva yekha zimene wanena.

Nthawi ya 10 koloko Mlembi anakhala m'chipinda chofunsira anthu, manja ali pamaondo. Singano anamupempha zolembera za m'thumba n'kuziyala patebulo: chabuluu, chofiira, ndi chachitatu chonenepa, cha penti yachikasu. Pambali pake anaika chithunzi cha masikuluu awiri aja.

"Munandiuza kuti chivundikiro munachitsegula komaliza chaka chatha."

"Eya, bwana."

"Nanga timadontho iti tauma liti?"

Mlembi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana dzanja lake lamanja ngati ndi la munthu wina.

"Mwina ndi wina amene anawerenga nkhani ija," anatero motsitsa mawu.

"Ndafunsa amisiri khumi ndi awiri m'mawa uno. Onse akuti penti ndi ya a Mlembi. Inu munalumikiza kawaya, mnzanu n'kugwa. Munachotsa kawayako, n'kumanganso masikuluu. Munatenga kiyi m'thumba la munthu wakufa, munamasula loko, munayatsa swichi, loko n'kuponya m'bokosi. Zonsezo munaganiza bwino. Koma dzanja lanu lagwira ntchito zaka makumi atatu, ndipo silimanga sikuluu n'kuisiya yopanda kadontho. Silinakufunseni n'komwe."

"Sindikukumbuka ndikudontheza," anatero Mlembi. "Zoona, bwana, sindikukumbuka."

"Ndikukhulupirira. Tsopano ndiuzeni chifukwa chake."

Zimene Mlembi anazisunga zaka zonsezo zinatuluka ngati madzi a paipi yophulika.

"Nkhani iliyonse ya m'kanyuzipepala kaja ndinalemba ndine. Zaka khumi ndi zinayi. Ndine ndinkayenda m'zipatala kuona mamembala odwala, ndine ndinkalemba za ana awo akakhoza mayeso. Iye ankangobwera n'kuti, 'Achimwene, ikani dzina la mkonzi, ndi mmene zimakhalira.' Chithunzi chija akutsitsa munthu papholo mwachiona? Amene anathamanga kukathimitsa moto kuti munthuyo asapse ndine. Iye anakwera zonse zitatha. Ndipo amene anajambula chithunzicho ndine ndemwe, ndi manja angawa. Anamupatsa chikho. Ine anandipatsa kuti ndichinyamule popita kugalimoto."

"Bwanji simunanene?"

"Ukanena amati uli ndi nsanje. Ndipo ndinali nayodi. Inkandidzutsa m'mawa, inkandiperekeza kuntchito. Ndikamva anthu akumutamanda, chakudya chinkandikanika. Chaka chino ndinati ndipikisane nawo pampando. Ndinamuuza ngati mnzanga. Iye anakanena pamsonkhano, akuseka, kuti, 'A Mlembi akufuna kutsogolo! Nanga kumbuyo atigwirire ndani?' Holo yonse inafa ndi phwete. Inenso ndinaseka nawo, bwana. Ndinaseka nawo."

"Loweruka chinachitika n'chiyani?"

"Ndinafika 9 koloko, osati 9:40. Ndinamupeza ali pamakwerero. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, 'Wabwera? Tandilembera zoti ndikalankhule masana ano, koma usaikemo mawu ovuta ngati ulendo watha uja.' Ndinati chabwino. Ndinapita kuseri kuti ndikatenge pepala, n'kuona loko wake ali lende paswichi, dzina lake litalembedwa pamenepo. Paliponse dzina lake." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Inu simungamvetse, bwana."

Singano anayang'ana kukhomo. Kuseri kwa galasi, mkulu wa ofesi anali atafika kale, akukonza tayi, foni ili kukhutu, ndipo zinali zosachita kufunsa kuti akuuza akuluakulu kuti mlandu wauthetsa ndi iyeyo. Kukhosi kwa Singano kunawawanso monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anachita mantha ndi kuwawako.

"Ndikumvetsa kuposa mmene mukuganizira," anatero. "Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimapita kunyumba n'kukadandaulira mkazi wanga mpaka atatopa nane. Inu mwasiya mayi ndi ana atatu opanda bambo, ndipo munafuna kumuphanso kachiwiri m'kanyuzipepala, kuti anthu azimukumbukira ngati chitsiru choiwala loko."

Mlembi anawerama. "Inali nkhani yoyamba yotuluka ndi dzina langa."

"Siituluka."

Nthawi ili 11:35, Singano anamaliza kulemba sitetimenti, masamba anayi, n'kumuwerengera mawu ndi mawu. Panja pabenchi mayi wamasiye anali atakhala, akudikira kumva ngati mwamuna wake aikidwe m'manda ngati mmisiri kapena ngati wosasamala. Singano anatembenuza pepalalo, n'kusankha cholembera chabuluu pa zitatu zija.

"Sainani apa, dzina lonse," anatero. "Ntchito iyi ndi yanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo palibe amene adzakulandeni."

Mlembi anasaina pang'onopang'ono, mwaukhondo, ndipo atamaliza, dzanja lake linaika kadontho kumapeto.