Khadi Likangotuluka, Duwa Langa

Kompyuta inaima vidiyo ili pakati. Mkwatibwi anangotsala chiyasamire, nkhope yonse ili mizeremizere yobiriwira, ndipo mwini vidiyoyo anali atanena kuti abwera Lachisanu.

"Osati lero, chonde!" anakuwa Kadona, akumenya tebulo.

Kadona linali dzina limene anzake a m'nyumba ina ya masitolo anamupatsa chifukwa cha nsapato zake zogogoda. Anali ndi kachipinda pamwamba, momwe ankakonzeramo mavidiyo a maukwati. Pansi, pafupi ndi masitepe, panali wokonza makompyuta amene aliyense ankangomutchula kuti Injiniya.

Injiniya anakwera ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya. Anatsegula bokosi la kompyuta, n'kuuzira fumbi, n'kuyetsemula kawiri.

"Ili ndi khadi la zithunzi," anatero, akuloza chinthu cha mafani awiri. "Ndi limene limasenza ntchito yonse ya mavidiyo anu. Langotentha basi. Koma nanenso ndikanamakhala moyang'anizana nanu tsiku lonse, bwenzi nditapsa kalekale."

"Bambo inu, takonzani kompyuta!"

Koma Kadona anaseka. Kusekako ndiye kunamugwetsa.

Pomatha mwezi, "inu" anali atasanduka "iwe". M'mawa uliwonse foni ya Kadona inkalira.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Ndakulota utavala zoyera."

Mtima wake unkangoti myaa. Koma asanayankhe, uthenga wina unkagwa.

"Akuti khadi latsopano lija lidzakhala ndi memori ya magigabaiti 32!!!"

Khadi latsopano! Palibe amene anali ataliona, ngakhale okonza ake anali asanalengeze kanthu. Koma Injiniya ankalidziwa ngati mwana wake. Akapita kokadya, ankalijambula pakapepala kopukutira pakamwa mpaka chakudya kuzizira. Akamayenda atagwirana manja, ankaima pakati pa msewu kuti awerenge mphekesera ina.

"Ena akuti 24, koma amenewo ndi ansanje. Memori ikachuluka, vidiyo ya maola atatu uzidzaimaliza tiyi asanapole."

"Akuti, akuti. Akutiwo ndani?"

"Ndili ndi mnzanga kunja, amagwira ntchito m'sitolo yaikulu ya makompyuta. Amamva zonse."

"Nanga diresi yangayi waiona?"

"Yakukhala, wapamtima. Koma tamvera izi, akuti lidzakhala ndi mafani atatu!"

Munthu angapikisane ndi mkazi mnzake, chabwino. Nanga ndi chinthu choti sichinapangidwe n'komwe?

Tsiku lina masana Injiniya anakwera ndi maluwa. Anagwada pafupi ndi tebulo, ndipo Kadona anagwira pachifuwa. Kodi nthawi ija yakwana?

Ayi. Ankagwadira kompyuta.

"Tamvera, switi. Latsopanolo likangotuluka, lakoli palibenso adzalifune. Ndilichotse lero, ndilipezere wogula lisanatsike mtengo. Ndikuikira kena kongogwirizira. Masabata awiri okha."

"Ndili ndi maukwati atatu oti ndimalize."

"Masabata awiri! Ndikulonjeza, ndidzakuikira ndi manja angawa. Ukadzaliona, udzandipsompsona pamaso pa anthu."

Anamuyang'ana ndi maso aja. Kadona anavomera.

Masabata awiri anatha. Kakhadi kongogwirizirako kankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo vidiyo ya theka la ola inkatenga tsiku lonse. Kadona ankangokhala, dzanja patsaya, kuyang'ana kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika kakuyenda ngati nkhono.

"Lili kuti?" analemba.

"Akuti alisunthira mwezi wa mawa, ngale yanga. Koma pali nkhani! Lizidzadya magetsi okwana mawati 600. Kabokosi kako kogawa magetsi sikangakwanitse, tisinthe."

Anasintha. Patapita sabata, nkhani inasinthanso.

"Ena akuti 450 basi. Koma akuti n'lalitali, silingalowe m'bokosi lakolo. Ndibwera ndi tepi ndidzayeze."

Anabweradi ndi tepi. Anayeza bokosi, anayeza tebulo, anayang'ana soketi yapakhoma n'kupukusa mutu ngati dokotala. Nthawi yomweyo bambo wina amene anakwatitsa mwana wake anali chiimire pakhomo, kufuna vidiyo yake kachitatu.

"Mwanangayu afika pobereka vidiyo isanatuluke!" anakalipa bamboyo. "Mundibwezere zithunzi zanga ndipite kwina!"

Kadona anamupatsa. Bamboyo atatsika, Kadona anatembenukira Injiniya.

"Waona? Waona zimene wandichita?"

"Usalire, mtima wanga. Anthu otere adzabwera okha chogwada, khadi likangotuluka."

Kunyumba, mkulu wake wa Kadona anali atatopa nazo.

"Mng'ono wanga, amayi afunsanso. Mlamuyo adzaonekera liti?"

"Akuti zinthu zikangokhazikika."

"Zinthu zake ziti?"

Kadona anayang'ana pansi. "Khadi."

"Khadi! Ndiye kuti ife tikudikira kuti afakitale atiuze tsiku? Munthu wamkulumkulu, wandevu zake, sangadzapereke moni kwa amayi chifukwa cha mafani atatu? Iwe, anakudyetsa chiyani?"

"Amandikonda, achemwali."

"Amakukonda ndi pakamwa. Makutu akowo ndiwo akunenepa."

Lolemba lotsatira, kakhadi kaja kanazimiratu. Galasi la kompyuta linangoti bii. Kadona anaimba foni kanayi, osayankhidwa. Anatsika masitepe nsapato zikulira go! go! go! n'kukankha chitseko cha Injiniya.

Injiniya munalibe. Pampando wake panakhala mtsikana wamagalasi, pambali pake pali chikwama chachikulu chokhala ndi kapepala ka kundege. Patebulo panali kompyuta yatsopano yagalasi m'mbali, yomangidwa kaliboni kofiira.

"Watuluka pang'ono, wakagula zakumwa," anatero mtsikanayo mwansangala. "Ndikuthandizeni?"

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine bwenzi lake. Ndafika m'mawa uno kuchokera kunja." Anakweza dzanja, mphete n'kung'anima. "Dikirani, nsapatozo! Ndinu a mavidiyo apamwamba, eti? Amakunenani kwambiri. Akuti ndinu kasitomala wovutirako, koma ntchito mumaitha. Akuti mudzatijambula ukwati wathu mwezi wa mawa."

Kasitomala? Wovutirako? Duwa lija, ngale ija?

"Ndinu amene mumagwira ntchito m'sitolo ya makompyuta?" anafunsa Kadona.

"Eya."

"Khadi latsopano lija lituluka liti?"

Mtsikanayo anaseka. "Nanunso wakuuzani? Asisi, palibe akudziwa! Ngakhale abwana anga sakudziwa. Mwina chaka chamawa. Ndinamuuza kalekale kuti asiye kuwerenga mphekesera."

Kadona anayang'ana kompyuta yakaliboni ija. Kuseri kwa galasi kunali khadi la mafani awiri, lokhala ndi kadontho ka penti ya zikhadabo pakona, kamene iye mwini anadontheza tsiku lina Injiniya akulipukuta.

"Iyi ndi mphatso yanga," anatero wamagalasi. "Akuti wandisonkhanitsira yekha."

Kadona anatsegula foni yake n'kumupatsa. Mtsikanayo anawerenga uthenga woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

"'Ndakulota utavala zoyera,'" anawerenga motsitsa. "Uwu ananditumiziranso ine. Tsiku lomwelo."

Chitseko chinatseguka. Injiniya analowa ndi mabotolo awiri, akuimba kaluzu. Kaluzuko kanathera m'kamwa.

"Wapamtima..." anayamba.

"Uti?" anafunsa onse awiri.

"Ayi, tamverani, nkhaniyi ili ndi mbali zingapo. Akuti..."

"Ukangonenanso kuti 'akuti', botololo ndikuswera pamutu!" anakuwa Kadona. Anasolola sikuludiraiva m'thumba la malaya a Injiniya, n'kudula kaliboni, n'kumasula galasi. Anazula khadi lake, n'kulikumbatira ngati khanda. "Miyezi itatu! Makasitomala anga andithawa, amayi akhala akusesa pabalaza kudikira mlendo, iwe uli pano kumanga maliboni ndi katundu wanga!"

"Koma duwa langa, limenelo n'lakale..."

"Ndi langa!"

Anakwera masitepe osacheuka. M'kachipinda kake anagwada pansi, misozi ikugwera m'bokosi la kompyuta. Anakankha khadi, linakana. Anakankhanso, linakananso. Kodi anapusa liti chonchi? Kodi amayi akawauza chiyani?

Wina anagogoda. Anali wamagalasi uja, maso ali psuu.

"Mukulilowetsa mokhota, muthyola," anatero. "Tapatseni."

Anagwada pambali pake. Asanapise dzanja m'bokosi, anavula mphete n'kuiika patebulo, kuti ingakande mawaya. Anakankha kamodzi, khadi n'kulira kuti tha. Analumikiza chingwe cha magetsi, n'kudina batani. Mafani anazungulira, galasi linawala.

"Lili bwinobwino ili," anatero, akupukuta m'maso ndi mkono. "Likutumikirani zaka zina zitatu."

Anaimirira, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kulunjika kukhomo.

"Asisi," anaitana Kadona. "Mwaiwala mphete."

Mtsikanayo anaima, osatembenuka.

"Sindinaiwale. Akabwera kudzapepesa, mumupatse."