Kamphepo Akana Kapu ya Timu

Kamphepo ndi mtsikana waliwiro. Amasewera mpira wamanja kusukulu. Sabata imeneyo ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kusewera mpikisano wa Loweruka.

Koma timu yake inali ndi mwambo. Ndowa imodzi, kapu imodzi. Kaputeni amwe, apatse mnzake. Mnzakeyo amwe, apatse wina. Kapu yosatsuka, manja osasamba.

Lolemba kaputeni anabwera akudwala m'mimba. Anasanza kuseri kwa kalasi. Kenako anaviika kapu m'ndowa. Anamwa, n'kupatsa Kamphepo.

Kamphepo anakana. Mayi ake anali atamuuza kuti matenda amayenda m'kapu. Iye anatulutsa botolo lake.

Aphunzitsi a masewera anakwiya. Anati Kamphepo ndi wodzikonda. Anati wokana kapu wakana timu. Ananena zimenezi pamaso pa onse.

"Loweruka susewera," anatero.

Koma abale, mwanayu analakwanji? Kamphepo anapsa mtima. Anafika kunyumba misozi ili mbwembwembwe. Mayi ake nawonso anapsa mtima.

Lachitatu atsikana atatu anadwala. Lachinayi anadwala asanu. Anyamata a mpira wamiyendo anabwereka ndowa ija. Nawonso anadwala. Aphunzitsi aja nawonso anadwala. Ankathamangira kuchimbudzi kuposa liwiro la Kamphepo!

Anamwino anabwera kusukulu. Anayang'ana ndowa, n'kupukusa mutu. Anati vuto ndi kachilombo kosaoneka ndi maso. Kamachoka pakamwa ndi m'manja. Kamalowa m'madzi. Anati aliyense azimwera m'botolo lake. Anati aliyense azisamba m'manja ndi sopo.

Mpikisano uja anauimitsa kaye. Odwala anapuma, ndipo anachira.

Tsiku lina aphunzitsi anafika kwawo kwa Kamphepo. Anali ataonda. Anakhala pakhonde mwamanyazi. Anapepesa motsitsa mawu.

Kamphepo anayang'ana mayi ake. Kenako anayang'ana aphunzitsi.

"Aphunzitsi, munandinyoza pamaso pa timu," anatero. "Mukapepesenso pamaso pa timu."

Aphunzitsi anakanda mutu. Mayi sanawathandize. Anangopinda manja.

Mawa lake timu yonse inaima pabwalo. Aphunzitsi anapepesa mokweza. Onse anamva. Kaputeni anabwera, n'kumukumbatira Kamphepo.

Tsiku la mpikisano linafika. Kamphepo analowa m'bwalo. Anathamanga, anadumpha, anagoletsa. Mayi analulutira mpaka mawu anasasa.

Pobwerera kunyumba, bambo ake anamunyamula pamapewa. Kamphepo ankaona msewu wonse.